Totoro, filimu yopanda mdani imene ana sakhuta nayo

Kunja kwada, mvula ikugwa, ndipo pa siteji ya basi ya kumudzi paima mtsikana atabereka mng'ono wake amene wagona kumsana. Akudikira abambo awo, omwe m'mawa anapita kuntchito osatenga ambulera. Basi yoyamba yadutsa, abambowo mulibe. Kenaka akumva mapazi akuponda m'matope. Akusuzumira pansi pa ambulera yake n'kuona phazi la zikhadabo zazitali. Pambali pake paima chinyama chachikulu cha ubweya wotuwa, chitaika katsamba kamodzi pamutu ngati kangachitchinjirize mvula. Sichikunena kanthu. Nachonso chikudikira basi.

Mtsikanayo, dzina lake Satsuki, mantha ali nawo, komabe akuchipatsa ambulera ya abambo ake ija. Chinyamacho sichinagwirepo ambulera chibadwire. Dontho lalikulu likugwa kuchoka mu mtengo n'kulira pa nsalu, ndipo maso ake akutuzuka ndi chimwemwe. Chikudumpha n'kutera ndi thupi lonse, nthaka ikugwedezeka, madzi onse anali m'masamba akukhuthukira pa ambulera kamodzin'kamodzi. Chikubangula mokondwa. Posakhalitsa basi yake ikufika: mphaka wa miyendo 12, maso akuwala ngati nyali za galimoto. Chinyama chija chikupatsa anawo kaphukusi ka njere, chikukwera, ndipo ambulera ya eniake chapita nayo.

Izi zili mu Tonari no Totoro, filimu ya makatuni ya ku Japan imene m'Chingerezi amaitcha My Neighbor Totoro. Dzinali limangotanthauza kuti neba wathu Totoro. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Hayao Miyazaki, inapangidwa ku Studio Ghibli, ndipo inatuluka pa 16 Epulo 1988. Imatenga mphindi 86. M'mphindi zonsezo mulibe ndewu, mulibe mfiti, mulibe amayi opeza ankhanza, mulibe ndi mmodzi yemwe wofunira anawo zoipa. Amene anazolowera makatuni othamangitsana ndi omenyana angaganize kuti mwana atha mphindi khumi zokha n'kupempha ina. Koma kwa zaka zoposa 35 ana akhala akupempha kuti iwabwerezere, makolo n'kumakhala nawo pomwepo m'malo mopita kukachita zina. Chimawagwira n'chiyani?

Akuluakulu a ndalama nawonso poyamba sanachione. Studio Ghibli inali itangoyamba kumene mu 1985, itakhazikitsidwa ndi Miyazaki, mnzake Isao Takahata ndi Toshio Suzuki, pogwiritsa ntchito ndalama za kampani yosindikiza mabuku ya Tokuma Shoten. Nkhani ya tiana tiwiri ndi chinyama cha m'nkhalango ku mudzi wa m'zaka za m'ma 1950 sinkaoneka ngati ingagulitse matikiti. Inapulumuka chifukwa anaimangiriza ku filimu ina, ya Takahata, yotchedwa Hotaru no Haka, kapena Grave of the Fireflies, imene inalipiriridwa ndi kampani ya Shinchosha. Iyo ndi nkhani ya mnyamata ndi mlongo wake wamng'ono amene akufa ndi njala mu 1945, mzinda wa Kobe utaphulitsidwa ndi mabomba. Chiyembekezo chinali chakuti masukulu azitengera ana ku filimu ya mbiri ya nkhondoyo, Totoro n'kudyera momwemo. Choncho tikiti imodzi inkaonetsa mafilimu awiri: ina ya ana amene dziko lonse lawataya, ina ya ana amene mudzi wonse wawazungulira. Mu iliyonse muli kamtsikana ka zaka 4. Ndimaganizira kholo limene linalowa ndi ana ake kukaona chinyama chaubweya, n'kutuluka litaona zonse ziwiri.

M'nyumba zoonetsera mafilimu, filimu ya Totoro sinapange ndalama zambiri. Odziwa za mafilimu okha ndiwo anaizindikira msanga: magazini ya Kinema Junpo inaisankha kukhala filimu yopambana ya ku Japan ya 1988, pamwamba pa mafilimu a anthu enieni, ndipo inalandiranso mphoto ya Mainichi. Moyo wake weniweni unayamba mu 1989 pamene Nippon TV inaionetsa pa wailesi yakanema, n'kumaibwereza zaka zotsatira. Mu 1990 kunatuluka zidole za Totoro zopangidwa ndi kampani ya Sun Arrow, ndipo zinagulidwa kwambiri moti zinathandiza situdiyoyo kuima payokha. Lero mutu wa Totoro ndiwo chizindikiro cha Ghibli kumayambiriro kwa mafilimu ake.

Nkhani yake njaifupi. Banja la a Kusakabe likusamukira ku nyumba yakale ya kumudzi, m'dera lofanana ndi Tokorozawa m'chigawo cha Saitama, kumene Miyazaki mwiniwake wakhala zaka zambiri. Abambo, a Tatsuo, amaphunzitsa za zinthu zakale zofukulidwa pansi pa yunivesite ina ku Tokyo. Ana ndi awiri, Satsuki wa ku pulayimale ndi Mei wa zaka 4. Poyamba Miyazaki anali ndi mtsikana mmodzi, kenaka anamugawa pawiri, ndipo maina okha akuulula: Satsuki ndi dzina lakale la Chijapani la mwezi wachisanu, pomwe Mei limamveka ngati Meyi. N'chifukwa chake chithunzi chotsatsira filimuyi chimaonetsa mtsikana mmodzi yekha pa siteji paja, amene si Satsuki ndipo si Mei.

Amayi awo, a Yasuko, sali nawo. Agonekedwa ku chipatala cha Shichikokuyama, ndipo banjali lasamuka kuti likhale pafupi nawo, komanso kuti akadzatuluka adzapume mpweya wabwino. Apa ndi pamene pagona filimu yonse. Amene amati Totoro ndi filimu yopanda vuto sanaione bwino. Vuto lilipo, ndipo ndi lalikulu kuposa chinjoka chilichonse chimene mwana angachione pa kanema: amayi akudwala, ndipo palibe akudziwa tsiku lobwerera. Chimene mulibe ndi munthu womuloza chala. Nthenda sungaimenye chibakera. Ungodikira, kulemba kalata, kupita kukazonda pa njinga, n'kubwerera kunyumba kopanda amayi.

Filimuyi sitchula dzina la nthendayo, koma Mjapani wa msinkhu wa Miyazaki sakanafunsa. Chipatala cha kuphiri, chogonamo miyezi yambiri, m'zaka zimenezo chinali cha odwala chifuwa chachikulu. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 chifuwachi ndicho chinkapha anthu ambiri ku Japan kuposa nthenda ina iliyonse, ndipo chinayamba kugonja nkhondo itatha, mankhwala monga streptomycin atafika. Pafupi ndi Tokorozawa pali phiri lenileni lotchedwa Hachikokuyama, lomwe m'munsi mwake munali zipatala zotere. Dzina la mu filimu anangosintha nambala ya kumayambiriro, hachi (8) n'kukhala shichi (7). Miyazaki anabadwa mu 1941, wachiwiri mwa anyamata anayi, ndipo amayi ake anadwala TB ya mu msana kuyambira 1947 mpaka 1955, zaka zoyambirira ali m'chipatala, zotsatira ali chigonere kunyumba. Anachira, n'kudzamwalira mu 1983. Iye ananenapo kuti anawo akanakhala anyamata, filimuyi ikanamupweteka kwambiri kuipanga.

Tsono mwana amene ali ndi mantha otere amafuna chiyani? Yankho la filimuyi limaonekera mwa akuluakulu ake, ndipo kwa ine apa ndi pamene imasiyanirana ndi pafupifupi makatuni onse a ana. Tsiku losamuka, atsikanawo atsegula chitseko cha kuseri n'kuona tizinthu takuda, tozungulira ngati timipira ta mwaye, tikuthawira m'ming'alu. Akuthamangira kwa abambo awo kukanena kuti m'nyumbamo muli chinachake. M'mafilimu ambiri kholo likanati asiye zachibwana. A Tatsuo akuti zimenezo n'zosangalatsa, iwo kuyambira ali mwana ankalakalaka kukhala m'nyumba ya mizukwa. Agogo a nyumba yoyandikana nayo, amene abwera kudzathandiza kusesa, akungoseka n'kunena kuti iwonso ali aang'ono ankationa, ndipo anthu akamaseka m'nyumba timasamuka tokha. Usiku mphepo ikuwomba mwamphamvu, nyumba ikulira ngati igwa, ndipo abambo akuyamba kuseka mokweza mwadala, ana n'kuyamba kutsanzira mpaka kuseka kwabodza kusanduka kwenikweni.

Chimodzimodzi pamene Mei wakumana ndi Totoro. Watsatira tinyama tiwiri tating'ono m'kanjira ka m'zitsamba, wagwera m'dzenje la patsinde pa mtengo waukulu, watera pa mimba ya chinyama chogona. Akuchifunsa dzina, icho chikuyasamula ndi kubangula, Mei n'kumva ngati chati Totoro. Akugona pamimba pomwepo. Pomupeza, ali gone pansi m'tchire, ndipo poyesa kuwaonetsa njira ija, njirayo palibe. Satsuki ndi abambo akuseka. Mei akukwiya, akuti sakunama. Abambo akusiya kuseka nthawi yomweyo. Akumuuza kuti palibe akuganiza kuti ndi wabodza, kuti ayenera kuti wakumana ndi mwini nkhalango, ndipo amenewo ndi mwayi umene subwera nthawi zonse. Kenaka akuwatenga onse awiri kupita ku mtengo uja kukapereka moni ndi kuthokoza.

Taonani bwino chimene abambowa achita. Sananene kuti Totoro aliko, pakuti iwo sanamuone ndipo sadzamuona mpaka filimu kutha. Sananenenso kuti kulibe. Atenga mawu a mwana wa zaka 4 ngati mawu a munthu. Mwana woonera amamva zimenezi m'thupi ngakhale sangazifotokoze. Kholo loonera limachita kamanyazi pang'ono, pokumbukira kangati linadula mwana pakamwa chifukwa linatopa. Ngakhale aphunzitsi a Satsuki ndi otero: tsiku lina Mei akulirira mkulu wake mpaka agogo aja kumubweretsa ku sukulu, ndipo aphunzitsi akungouza kalasi kuti amayi a anawa ali m'chipatala, n'kumulola kukhala pa desiki kumajambula.

Mei mwiniwake ndi chifukwa china chimene ana amakhalira chete. Amayenda monga mwana wa zaka 4 amayendera: akukwera masitepe ndi manja omwe, akubwereza mawu alionse amene mkulu wake wanena, akunjuta pa chithaphwi kuyesa kugwira ambululu, akusuzumira dziko kudzera pa chibowo cha ndowa yakale, akuthyola maluwa n'kuwandanda m'mphepete mwa tebulo la abambo ake kuti akhale ogulitsa maluwa. Akalira amalira ndi kamwa lonse. Palibe pamene amalankhula nthabwala za munthu wamkulu zomuika m'kamwa kuti makolo aseke, monga achitira makatuni ambiri a masiku ano. Zonsezi zinajambulidwa pamanja, chithunzi ndi chithunzi, ndipo wojambula sangajambule mmene mwana amagwirira chipewa pothamanga ngati sanakhale pansi kumuyang'anitsitsa.

Filimuyi sithamanga. Nthawi zina imaima kuti tione nkhono ikukwera phesi, kapena chule akuyang'ana mvula, kapena mphepo ikudutsa m'munda wa mpunga. Mu 2002 wolemba za mafilimu wa ku America, Roger Ebert, anafunsa Miyazaki za timphindi totere, ndipo iye anati Ajapani ali ndi liwu lake, ma. Anawomba m'manja kangapo n'kunena kuti kanthawi ka pakati pa kuwomba kumodzi ndi kwina ndiko ma, ndipo filimu yopanda mpata wopumira imangokhala piringupiringu. Ife timati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa nkhonoyo ilipodi. Phindu lake limaoneka pa siteji paja. Tikanapanda kudikira nawo, kuona basi yoyamba ikupita, kuona Mei akuodzera mpaka kuberekedwa, kubwera kwa Totoro sikukanakhala kanthu. Timamulandira chifukwa nafenso tinali titayamba kuda nkhawa kuti abambo aja ali kuti.

Malo amene zonsezi zikuchitikira anajambula ndi Kazuo Oga, wochokera ku Akita kumpoto kwa Japan. Iye ndi Miyazaki anatsutsanapo ngakhale pa mtundu wa dothi: Oga ankafuna lakuda la kwawo, Miyazaki ankafuna lakatondo la m'chigawo cha Kanto. Anthu otsutsana pa dothi sangakujambulire mtengo wongoti mtengo. Dera lotere Ajapani amalitcha satoyama, kutanthauza malire a mudzi ndi phiri, kumene kuli minda ya mpunga, timitsinje, maiwe ndi nkhalango yotolamo nkhuni. Si tchire la zilombo ayi, ndi tchire limene anthu akhala nalo mibadwomibadwo. Mu 1988 Japan inali pachimake pa chuma, mitengo ya malo ikukwera mopenga, midzi yozungulira Tokyo ikumezedwa ndi nyumba. Makolo amene ankatengera ana awo ku filimuyi ndiwo anali ana m'zaka za m'ma 1950. Ana ankaona Totoro. Makolo ankaona mjigo, bafa ya nkhuni, msewu wafumbi ndi mudzi wopanda wailesi yakanema, zimene zinatha iwo akuona. Nyimbo za Joe Hisaishi zinamaliza ntchito, makamaka yotsegulira ija yotchedwa Sanpo, imene mawu ake analemba Rieko Nakagawa ndipo ana a mkaka ku Japan amaiimba mpaka lero.

Koma pali filimu yachiwiri yobisika mkati mwa yoyambayi, imene mwana wamng'ono saiona, ndipo ndi ya Satsuki. Ndiye amadzuka m'mawa kuphika abambo ake atagonereza. Ndiye amalongedza kamba wa onse atatu, amamanga tsitsi la Mei, amalembera amayi makalata osangalatsa okhaokha. Ndi mwana wabwino mopitirira, ndipo aliyense amene anakhalapo mwana woyamba m'nyumba ya matenda amadziwa mtengo wake wa ubwino umenewo. Ku chipatala, Mei akuthamangira pa miyendo ya amayi, koma Satsuki akuima kaye mwaulemu. Amayi akumuitana n'kuyamba kumupesa tsitsi lake lalifupi. Ndi kanthawi kochepa, ndipo ndi pokhapo pamene wina akusamalira iyeyo.

Chakumapeto zinthu zikuthina. Amayi amayenera kubwera kunyumba kwa masiku ochepa. Atsikanawo ali m'munda wa agogo aja, akudya nkhaka zoziziritsa mu mtsinje, ndipo agogo akuti zam'munda mwawo zimapatsa mphamvu aliyense. Mei wathyola dowe mmodzi, akuti ngwa amayi. Pomwepo pakufika telegalamu yochokera ku chipatala. Abambo ali ku Tokyo, kunyumba kulibe foni, Satsuki akuthamangira kukapempha foni ya eniake. Yankho ndi lakuti amayi agwidwa chimfine, sabweranso sabata ino. Mei akukana, akuti abwere basi. Satsuki akumukalipira koyamba mu filimu yonse, kumufunsa ngati akufuna kuti amayi afe. Pambuyo pake, ali pa mjigo ndi agogo, mtima ukumuthawa. Akuti ulendo woyamba anawauzanso kuti n'kachimfine chabe, amayi akangogona masiku ochepa. Nanga akamwalira? Akulira monga mwana amene wasunga misozi miyezi yambiri. Mei akuona ali chapatali, dowe ali m'manja. Akutembenuka n'kuyamba ulendo wa ku chipatala yekha, mtunda umene agogo akuti munthu wamkulu amayenda maola atatu.

Mphindi zotsatira ndi zoopsa ndithu, ndipo kholo liyenera kudziwiratu. Dzuwa likupendeka, Satsuki akuthamanga mpaka kuvula nsapato, akufunsa aliyense wokumana naye. Kansapato ka mwana kapezeka m'dziwe. Amuna a m'mudzi asiya ntchito, alowa m'madzi ndi nsungwi zazitali kufufuza pansi, agogo akupemphera manja akunjenjemera. Banjali ndi lachilendo m'mudzimo, langokhala miyezi yochepa, koma mwana wa mnzako ngwako yemwe. Satsuki akufika, akuyang'ana kansapatoko, akuti si ka Mei. Agogo akugwa pansi miyendo itatha mphamvu. Ndi apa pokha, anthu onse atayesa n'kulephera, pamene Satsuki akupita kwa Totoro.

Ndipo Totoro sachita zambiri. Sachiritsa amayi. Salankhula, sapereka malangizo, sauza Satsuki kuti wachita bwino kapena walakwa. Akumukwezera pamwamba pa mtengo n'kuitana basi ya mphaka ija, chikwangwani cha kutsogolo n'kutembenuka kulemba kuti Mei. Basiyo ikuthamanga pa minda ndi pa mawaya a magetsi, mitengo ikupatuka yokha, ndipo anthu a m'njira akungomva mphepo. Mei apezeka atakhala pafupi ndi timafano ta miyala ta Jizo, amene m'Chibuda cha ku Japan amatengedwa ngati mtetezi wa ana ndi apaulendo. Basi ikuwapititsa ku chipatala. Salowa. Akukhala pa nthambi ya mtengo wa paini n'kuona pa windo amayi awo akuseka ndi abambo. Pamenepo mantha atha. Dowe uja akumusiya pa windo atalembapo pa makoko kuti ngwa amayi.

Nthano zathu zambiri zimatha ndi chilango cha wosamvera. Apa Mei wachoka osatsanzika, wavutitsa mudzi wonse, koma palibe chikwapu, palibe ulaliki. Ena anganene kuti uku n'kulekerera, ndipo ndikuwamvetsa. Ine ndimaona kuti filimuyi ikudziwa kuti mwana amene wasochera mpaka madzulo walangika kale.

Pali zinthu ziwiri zimene banja lachilendo ku chikhalidwe cha Japan lingadabwe nazo. Choyamba ndi kusamba: abambo akusamba m'bafa imodzi ndi ana awo aakazi. Ku Japan, kholo kulowa m'madzi otentha ndi ana aang'ono madzulo ndi mwambo wamba wa panyumba, ndipo mu filimumo mulibe chonyansa, koma kwa ife n'chachilendo, choncho ndi bwino kukhala ndi yankho mwana asanafunse. Chachiwiri ndi cha chipembedzo. Mtengo waukulu uja, wa mtundu wa kusunoki, wamangidwa chingwe cha mapesi a mpunga chotchedwa shimenawa, chimene m'Chishinto, chipembedzo cha makolo cha ku Japan, chimasonyeza malo opatulika. Pa siteji pali kachisi wamng'ono wa Inari, mulungu wa mpunga, wokhala ndi timafano ta nkhandwe. Anthu a mu filimumo amawerama pa malo otere monga munthu amaperekera moni podutsa pakhomo pa eniake. Filimuyo siphunzitsa chiphunzitso chilichonse, ndipo sifotokoza kuti Totoro ndi mzimu, nyama kapena maloto. Usiku wina anawo akuvina naye mozungulira njere zija, zikumera n'kukhala chimtengo chofika kumwamba, akuuluka naye atakwera pa nguli. M'mawa chimtengocho palibe, koma njere zaphukadi.

Kusafotokoza kumeneku kunabala mphekesera imene inafala pa intaneti: akuti Totoro ndi mulungu wa imfa, Mei anamira m'dziwe lija, ndipo n'chifukwa chake chakumapeto atsikanawo alibe zithunzithunzi. Ena anailumikiza ndi mlandu wa kuphedwa kwa mtsikana wa sukulu ku Sayama mu Meyi 1963. Mu 2007 Studio Ghibli inalemba pa tsamba lake kuti zimenezi n'zabodza. Ndipo woonera mosamala safunika kuuzidwa: kansapato ka m'dziwe n'kosiyana ndi tansapato timene Mei wavala. Chondidabwitsa si mphekeserayo koma njala imene ili kumbuyo kwake. Pali akuluakulu amene sakhulupirira kuti nkhani ingakhale yakuya popanda mtembo.

Kunja kwa Japan inayenda pang'onopang'ono. Mawu a Chingerezi oyamba anaikidwa ndi Streamline Pictures, ndipo ku America anthu ambiri anaidziwa pa tepi ya vidiyo m'zaka za m'ma 1990. Disney inadzaikanso mawu atsopano, Satsuki ndi Mei akulankhulidwa ndi Dakota ndi Elle Fanning, amene ndi pachibale penipeni. Totoro anaonekera ngati chidole mu Toy Story 3 mu 2010. Ku China inaloledwa m'nyumba za mafilimu mu Disembala 2018, patatha zaka 30. Mu Febuluwale 2020 Netflix inayamba kuonetsa mafilimu a Ghibli m'maiko onse kupatula United States, Canada ndi Japan. Ku London, gulu la Royal Shakespeare Company linaisandutsa sewero la pa nsanja ku Barbican mu 2022, n'kulandira mphoto 6 za Olivier chaka chotsatira. Nyumba ya Satsuki ndi Mei inamangidwa yeniyeni pa chionetsero cha Expo 2005 ku Aichi, ndipo tsopano ili mkati mwa Ghibli Park, imene inatsegulidwa pa 1 Novembala 2022.

Chimene chikugwirizana kwambiri ndi mtima wa filimuyi chinachitika kwawo komwe. Mu 1990 anthu a m'dera la mapiri a Sayama anayambitsa thumba la Totoro no Furusato, losonkhanitsa ndalama zogulira tizigawo ta nkhalango kuti omanga nyumba asatimalize. Mwa opereka munalinso ana ambiri. Kachigawo koyamba kanagulidwa mu 1991, ndipo kuchokera pamenepo tagulidwa tina tambiri, tonse totchedwa nkhalango ya Totoro. Miyazaki mwiniwake sakondwa ndi mbali ina ya kutchuka kumeneku. Wanenapo kuti zimamuwawa kholo likamamuuza monyadira kuti mwana wake amaonera Totoro tsiku lililonse, chifukwa iye ankafuna kuti mwana akaona atuluke panja kukafuna njere zake. Pamenepa ali pa mpanipani umene anadzipangira yekha: anajambula nkhalango yokongola kwambiri moti ana ena amakhutira nayo ya pa kanemayo.

Amene amazimitsa filimu maina a oipanga akangoyamba kuyenda amaphonya mathero. Pansi pa nyimbo yomaliza pali zithunzi zosayenda. Amayi akutsika mu takisi pakhomo. Akusamba ndi ana awo, akuwawerengera buku pogona. Masamba asintha mtundu, Satsuki akusewera ndi anzake a m'mudzi, ndipo Mei, amene filimu yonse wakhala akutsatira mkulu wake, tsopano akutsogolera tiana tocheperapo. Totoro akuonekanso, ali ndi anzake awiri aja, koma m'zithunzi zakezake. Palibe chimodzi chimene ali limodzi ndi atsikanawo.